Nyimbo Yachinayi

Zaka makumi awiri ndi zitatu kakhala pashelefu apo,
pansi pa wotchi, pambali pa mphika wa duwa louma,
kakuda, kofufuka pa batani lotsegulira
pomwe chala cha Sumie chinkadina m'mawa uliwonse.
Thireyi yake masiku ano imatuluka monyinyirika
ngati lilime la wodwala pamaso pa dokotala,
ndipo pa nyimbo yachinayi ya chimbale chimene iye ankachikonda
piyano amagwidwa chibwibwi,
ti-ti-ti-ti,
mpaka wina adzuke akakapande pamutu.
Wodzukayo anali iye. Ine kwanga kunali kuseka.

Chaka chino palibe wodzuka.

Loweruka ndinakwera sitima yapansi pa nthaka
n'kutsikira ku Nipponbashi, mvula ikuwaza,
chimbale chili m'thumba la jekete, chokulungidwa m'kampango.
Sitolo ya a Hiraga ili m'mwamba, masitepe khumi ndi anayi,
mumanunkha fumbi lotentha ndi fodya wa chaka chatha.
"Musagule ndi maso, a Kanzaki," anatero asanandipatse n'moni womwe.
"Maso amatengeka ndi siliva ndi timagetsi tabuluu.
Ampu yanu ndi ya liti? Masipika atalikirana bwanji ndi khoma?
Khalani pampando apo. Mungokhala phee."

Choyamba chinali chopepuka, mtengo wake wachifundo,
koma mawu ake ngati tiyi wothiridwa madzi kachitatu.
Chachiwiri anachinyamula ndi manja awiri akubuula,
makilo khumi ndi awiri, penshoni ya miyezi itatu;
chinkawala kwambiri, zingwe za vayolini zinandilasa m'mano.
Chachitatu chinali chogwirapo kale ntchito,
cha dokotala wa mano wa ku Sakai amene anasamukira kwa mwana wake.
Diso lake lowerengera analisintha okha a Hiraga.
Chinatseka pakamwa popanda phokoso,
ndipo kusanamveke kanthu, kunayamba kwati zii,
zii wakuya, woti munthu n'kugweramo.

"Nthambo zagolide zisiyeni," anandinong'oneza pomanga katoni.
"Makutu a msinkhu wathuwu sangazizindikire."
Nyimbo yachinayi sindinalole kuti tiiyese pamenepo.

Kunyumba ndinagwada kuseri kwa shelefu, tochi kukamwa,
chofiira kulowa pofiira, choyera poyera,
mawondo akudandaula, kangaude akuthawa.
Yoyamba inadutsa. Yachiwiri. Yachitatu
ndinamva mpando wa woyimbayo ukuti kwee,
chinthu chimene sindinkadziwa kuti chilimo.
Yachinayi itayamba ndinapeza ndaimirira,
dzanja lili m'mwamba, lokonzeka kupanda.

Sichinachite chibwibwi.

Pamalo paja, pomwe chikhatho cha Sumie chinkatera
nyimbo n'kulumphira kutsogolo ngati mwana wodzidzimuka,
panali masekondi asanu ndi limodzi:
piyano akutsika masitepe mmodzimmodzi, osafulumira,
woyimba akukoka mpweya,
kenako liwu limodzi lotsika, lokhalitsa.
Zaka zonsezi zinali momwemo,
ife tikumwa tiyi pambali pake, tikukangana za mtengo wa gasi.
Iye anapita asanazimve.

Ndinabwereza kasanu.
Kachisanu ndi chimodzi ndinazimitsa,
chifukwa m'nyumba munakoma mopitirira
ndipo palibe anandiuza kuti ndichepetseko, aneba agona.

Chakale chija ndinachigulira kale kapepala komata
ka tsiku lotaya zinyalala zikuluzikulu.
Kapepalako kali m'dirowa, pamodzi ndi mabatire akutha.
Chokhacho ndachiika pansi pa chatsopano, chosalumikiza.
A Hiraga akuti kusanjikiza kumawononga mawu,
kugwedera kumakwera kuchokera pansi.
N'kutheka.
Podutsa ndimachisisita pamutu pofufuka paja,
mwina ndimachipanda pang'ono,
osati mwamphamvu ngati iye.