Tsoka Limanjenjemera

Kuno kumpoto kwa Norway, mu Januwale,
dzuwa limangosuzumira ngati wangongole n'kubwerera.
Ine ndimalowa m'mimba mwa phiri sikisi koloko madzulo,
kilomita yathunthu ya msewu wapansi pa mwala,
kukafika kumene madzi a m'damu amagwa ndi ukali
n'kuzunguza makina atatu osadziwa Sabata.

Nambala 2 ndiye wanga.
Tinamumata timakutu tachitsulo makumi anayi,
tina pa beringi, tina m'mafuta,
kena kakang'ono ngati batani la malaya
kongomvetsera kutentha.
Usiku wonse timanong'oneza kompyuta,
kompyuta n'kumandijambulira mzere wobiriwira.
Ntchito yanga ndi kuyang'ana mzere.
Mayi anga mpaka lero sakhulupirira kuti amandilipira.

Bambo Eilif anayamba kuno ndisanabadwe.
Iwo ankagunditsa sikuludiraiva pa chitsulo,
chigwiriro n'kuchikanikiza kukhutu,
maso tsinzi, ngati akupemphera.
Khutu lakumanjalo linagontha kalekale.
Linadyedwa ndi Nambala 2, amatero akuseka,
ndiye ukafuna kuwauza kanthu uziima kumanzere.

Amasimba za chaka chimene beringi inapsa osatsanzika:
utsi wa mafuta, chitsulo chitafiira,
tawuni yonse bii masiku atatu,
ng'ombe za Oddrun zikulira, mkaka utadzaza mabere
poti makina okamira anali zii.
Tsoka silinunkha, Sunniva, amamaliza choncho.

Lachiwiri lapitalo, itangokwana thuu koloko usiku,
mzere wanga unatukula mutu.
Pang'ono zedi. Tsitsi limodzi.
Ndinaika dzanja pa chitsulo, sindinamve kanthu.
Bambo Eilif anabweretsa khutu lotsala lija,
anamvetsera, anapukusa mutu: ali bwino uyu.
Kompyuta inati ayi,
pakati pa masiku khumi ndi asanu ndi anayi ndi mwezi umodzi
beringi yapansi idzatopa.

Tinakangana mpaka khofi anazizira.
Kuimitsa makina m'nyengo yachisanu ndi ndalama,
ndipo amene wasaina ndiye amafunsidwa.
Ndinasaina.
Tinadikira Lamlungu la mphepo,
pamene zipupa zoyera za m'mbali mwa nyanja
zinatisenzerako katundu,
ndipo tinatsegula.

Kamng'alu kake, mwina kutalika ngati chikhadabo.
Bambo Eilif anakayendetsa chala kawiri,
anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.
Kanthu aka, anatero, kakanatigoneka mumdima.
Kenako anafunsa kumene ndinaika sipanala yaikulu.

Lolemba m'mawa tawuni inadzuka monga mwa masiku onse.
Ketulo zinawira. Pasukulu panafunda.
Kuchipatala makina opumira sanaphethire n'komwe.
Palibe anatiimbira foni.
Ndani angathokoze chifukwa cha mdima umene sunabwere?
Mu lipoti ndinalemba mizere itatu
ndi nambala ya beringi yatsopano.

Koma ntchitoyi imawononga maso.
Ukazolowera kuona chinthu chisanachitike
sumatha kusiya pa geti.
Ndimamva firiji ya kwathu ikusintha mawu.
Ndimamva basi ikudandaula pa gudumu lakumbuyo.
Ndipo dzulo, pa tebulo la m'kantini,
ndinaona khofi wa Bambo Eilif akuchita timafunde
kapu ili m'dzanja lawo.
Pang'ono zedi.
Mwezi wa Okutobala sizinali choncho.

Pa munthu palibe pomata kakhutu kachitsulo,
palibe mzere woti ndiwaonetse,
palibe fomu yosaina.
Ndakhala usiku wonse ndikuyang'ana Nambala 2,
mzere wake uli phee, wogona bwino,
ine ndikusanja mawu n'kuwaphwasula.

Shifiti ikutha sikisi koloko.
Kunja chipale chofewa chakwirira magalimoto athu,
tidzafukula limodzi monga mwa nthawi zonse,
iwo fosholo, ine burashi.
Ndidzaima kumanzere kwawo.