Chipsera cha Dayanis

Ku Cartagena dzuwa silidikira mkwatibwi.
Naini koloko isanakwane, thukuta layamba kale
kutsetsereka m'khosi mwa Dayanis,
fani ya kudenga ikungopukusa mpweya wotentha.

Ndayala katundu wanga pabedi la amayi ake:
maburashi, thonje, timabotolo khumi ndi tiwiri
ta maonekedwe a khungu la anthu a m'tauni muno.
Lake ndi la khofi wodonthezera mkaka,
ndiye ndasakaniza tiwiri kuseri kwa dzanja langa.

Kamera ndimaidziwa, ndi yamiseche.
Ukachulutsa paudala woyera,
ikang'anima imakusandutsa mzukwa.
Ukasiya mafuta pachipumi
imauza zidzukulu kuti unkanyezimira ngati nsomba yokazinga.
Choncho ndipaka pang'onopang'ono,
kusisita, kudikira ziume, kusisitanso.
Tseka maso. Yang'ana kumwamba. Usaseke, iwe.
Zakuda za m'zikopezi sizisungunuka ndi misozi,
ukalire mmene ungafunire.

Wilfrido wojambula wasuzumira pakhomo,
makamera awiri akulendewera pachifuwa.
Waloza pachibwano: ichocho mubise,
kuwala kwa m'tchalitchi kulibe chisoni.

Ndi kachipsera kopindika ngati chikhadabo.
Ndanyika burashi. Dayanis wandigwira mkono.

Akuti anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
atakwera pangolo ya mango ya bambo ake,
gudumu linagwa m'dzenje pafupi ndi msika wa Bazurto.
Bambowo anamunyamula n'kuthamanga naye kuchipatala,
mango ali mbwee mumsewu, anthu akutola.
Phindu la sabata yonse linathera pomwepo,
iwo osacheuka n'komwe.
Chaka chino ndi chachitatu ali m'manda.
Lero amene amuperekeze kuguwa ndi amalume.

Burashi ija ndaipukutira pathaulo.
Ndakoleza masaya, ndawongola nsidze,
milomo ndaipatsa kufiira kwa gwafa wakupsa,
koma pachibwano ndazungulira
monga madzi azungulira mwala.

Wilfrido wapukusa mutu, wakweza kamera.
Ng'ani!
Wayang'anitsitsa kagalasi kake nthawi yaitali,
kenaka wati: tembenukira kuzenera,
kweza chibwano pang'ono, chioneke bwino.

Panja galimoto yayamba kuliza hutala.
Amayi ake akusakasaka nsapato imodzi.
Ine ndamulowetsera tipepala topukutira thukuta m'maluwa,
ndatsala ndekha m'chipinda
ndikutsuka maburashi m'beseni,
madzi akusanduka mtundu wa nkhope yake.