Mpando wa Pawindo

Mayina makumi atatu ndi anayi,
mipando ya kombi khumi ndi isanu ndi itatu.
Ndawonkhetsa, ndachotsera, ndafufuta ndi chala cha malovu,
masamu akukana kukwera galimoto.
A Chirenje ati ayenda kawiri,
kuchoka ku Mufakose kukafika ku Avondale,
koma mafuta akakwera Lachinayi
mtengo wawo ukwera nawo.

Makalata a makolo akubwerera opindidwa kanayi.
Ina yadontheredwa mafuta a kapenta.
Ina yalembedwa kumbuyo ndi pensulo:
Aphunzitsi, kodi zithunzi amadya?
Amayi ake a Kudzanai atumiza dola imodzi
ndi lonjezo la mazira owiritsa.

Ya Ndaziona sinabwere.
Ndamufunsa, wayang'ana nsonga za nsapato.
"Ndidzadwala tsiku limenelo."
Zaka khumi ndi chimodzi,
akudziwiratu tsiku la mutu wake.

Loweruka ndinapita ndekha kukayendera malowo.
Kanyumba ka zipinda zitatu, kale ka dokotala wa mano,
jakaranda atayoyola maluwa pakhomo ponse.
Mayi Marufu anandiwerengera malamulo pa zala:
osagwira, osathamanga, zikwama zitsale pakhonde,
alowe khumikhumi,
chimbudzi ndi chimodzi ndipo mpopi uli ndi masiku ake.
Ndinalemba zonse. Foni yawo inalira, anandisiya.

Mlonda wa yunifolomu yotuwa
anali atamva dzina langa pageti.
"Kwanu nkuti, achimwene?"
Ndinati Mufakose. Anaseka.
"Ndikufunsa kwanu kwenikweni."
Ndinatchula Dedza amene sindinamuonepo,
kumene agogo anakwerera lole ya ulere.

Anandiyendetsa chipinda ndi chipinda
monga amayendera usiku ndi tochi yake.
Amadziwa chithunzi chimene chimapendekeka kukachita mphepo,
ndi mbalame ya waya imene akangaude amaikonda.
Pakona anaima.
Mwala wakuda, mayi wowerama atasenza mtolo wa fodya,
pansi pake kapepala kotayipa bwino:
wosema sakudziwika.

"Sakudziwika kwa iwowo," anatero.
"Ndi manja a bambo anga awa.
Anasema pafamu ku Guruve
ndi chitsulo chothyoka cha lole,
nagulitsa pa mtengo wa bulangeti.
Wasenzayo ndi amayi.
Taonani khutu lakumanzereli,
linang'ambika ndi waya wa m'chigafa,
iwo sanafune kulikonza ngakhale pamwala."

Maso anga anatsikira pabaji ya pachifuwa.
Malizani Kachingwe.
Dzina lachisanu ndi chiwiri pamndandanda wanga
limathera momwemo.

Anaona kuti ndaona.
"Amauza anzake kuti ndimagwira ntchito muofesi m'tauni.
Sananame kwambiri ayi.
Mpando ndili nawo, ndi buku losainitsa alendo."
Anapukuta phewa la mwalawo ndi mkono wa malaya,
iye yekha wololedwa kugwira.

Tsopano ndi Lachitatu usiku, magetsi apita.
Kandulo ikudontha pa ndondomeko ya ulendo.
Hafu seveni, kunyamuka.
Naini koloko, gulu loyamba.
Teni koloko, wotifotokozera za mwala wakuda:
ndalemba dzina lake lonse,
ndafufuta,
ndalembanso mopepuka, kuti lifufutike ngati pafunika.
Si ine mwini nkhaniyi.
Mawa pa buleki ndimuitana mwanayo pansi pa mtengo wa mapeyala,
ndipo sindikudziwa poyambira,
kaya ndi khutu long'ambika,
kaya ndi bulangeti.

A Chirenje atumiza uthenga: mafuta akwera.
Kudzanai akuti mazira adzakhala asanu ndi limodzi.
Masamu akadali kukana.
Komabe mu ulendo woyamba, kumbuyo kwa dalaivala,
ndasiya mpando wa pawindo
wopanda dzina.