Mimba ya Galimoto ya Bambo Pargeter

Pamwamba imanyenga.
Penti yobiriwira ngati tsamba la mpiru,
chiwongolero cha mtengo, mipando iwiri yokha,
denga la nsalu lopindika ngati ambulera.
Koma ine ntchito yanga ndi yogona chagada.
Ndinaikweza pa jeke m'garaja ya ku Bilston,
ndinalowa pansi tochi ili pakamwa,
ndinagogoda ndi sipanala kamodzi kokha
dzimbiri n'kundiyoyokera m'maso ngati gaga.

Kuno amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu.
Mchere womwe kwathu timapemphana pa supuni
kuno amaumwaza ndi malole usiku wonse,
ndipo kwa zaka makumi asanu wakhala ukudya galimotoyi
kuyambira kumimba, mwakachetechete,
monga chiswe chimadyera phaso.

"Pansi ponse pakufunika patsopano," ndinawauza.
Bambo Pargeter anagwada movutikira, bondo likulira,
napisa chala pabowo la kumanzere.
"Apa ndi pomwe Glenys ankaponda."
Sindinafunse kuti Glenys ali kuti.

Fakitale yake inatsekedwa ine ndisanabadwe.
Tinaimba mafoni. Wa ku Coventry anati zinatha kalekale.
Wina anaseka, nati tikazipeza timuuzeko.
Wina anatitumizira chitsulo cha mapaundi mazana awiri
chomwe chinafika choperewera zala zitatu,
mabowo a mabauti akuyang'ana kwina.
Lamlungu lina tinaponda matope pamsika wa zakale,
madoda a imvi atayala zitsulo pamatebulo ngati kaunjika,
mvula ikugwera m'makapu awo a tiyi.
Tinabwerako ndi kagalasi ka m'mbali komwe sitinkakafuna.

Ndinati, "Bambo, ndipatseni lata ndi masiku anayi.
Malume anga Che Ndembo pamsika wa Ndirande
ankasandutsa mgolo mbaula, chitseko cha basi wilibala.
Nyundo ndinaiphunzira m'manja mwawo."
Anapukusa mutu. Ankafuna chenicheni,
chodindidwa ndi makina omwewo, chaka chomwecho,
chokhala ndi nambala yake.
Ndinameza mawu, koma anandikhala pakhosi.
Chitsulo chobisala pansi, choonana ndi msewu wokha,
adzachifunsa ndani chiphaso chobadwira?

Mu Febuluwale kunabwera uthenga wochokera cha ku Ludlow:
Mayi Tudge, wamasiye, akuchotsa katundu m'khola lakale.
Tinapita pa vani, njira yonse iwo ali duu.
Kuseri kwa mabelo a udzu, pansi pa zitosi za nkhunda,
chinali chotsamira khoma, chokutidwa ndi pepala lamafuta,
chakuda bii, chosalawapo mchere.
Anachisisita ngati thole longobadwa kumene.
Chimodzi chokha. Cha kumanzere.
Cha kumanja, anatero mayiwo, amuna awo anatsekera
pobowoka mpanda wa nkhosa, chinathera komweko.

Pobwerera, titaima pa maloboti,
ndi pomwe anatsegula pakamwa:
"Mbali ya Glenys yapezeka.
Yangayo, iwe, ungosula."

Ndinasula masiku asanu ndi limodzi, osati anayi.
Ndinajambula cha kumanzerecho pa katoni, n'kutembenuza,
mizere yake n'kuilondola ndi nyundo pa chitsa
mpaka neba wogulitsa matayala anabwera kudzadandaula.
Ndawotcherera zonse ziwiri, ndapaka phula.
Ukalowa pansi ndi tochi sungazisiyanitse,
kupatula pakona pena, kufupi ndi chitseko,
pomwe nyundo inaterereka nditakumbuka malume
omwe anaikidwa ine ndili kuno, ndikudikira mapepala.

Loweruka akubwera, ngati mvula ingatilole.
Akuti dokotala wawaletsa kugwira chiwongolero,
manja ayamba kunjenjemera,
ndiye ndiyendetse ndine mpaka ku Bridgnorth ndi kubwerera,
denga titapinda, zipewa titakokera m'makutu,
mapazi anga pa chitsulo changa,
awo pa cha Glenys.