Mabokosi Asanu

Nyuzipepala sindigula ine.
Imandipeza yokha, itakulunga chipisi
cha pa chiwaya cha Kanyasko pa Katoto,
ndipo mafuta akalowerera papepala
zilembo za kuseri zimaonekera kuno
ngati nthiti za galu wa pa depoti.

Ndimapempha tsamba la timabokosi,
takuda ndi toyera ngati bolodi la drafuti.
Kanyasko amaseka, akuwaza mchere:
"Adada Msowoya, mwabwerera mbatata kapena Chizungu?"

Usiku ndimalonda shopu ya simenti ndi malata.
Chifunga chikatsika ku Kaning'ina
n'kumeza magetsi a mumsewu,
ndimakhala pa ndowa yovundikira,
majekete awiri, tochi ndailuma,
pensulo yosongola ndi lezala.

Chopingasa chachitatu: chida chodulira, zilembo zisanu.
Knife.
K uyo waima pakhomo, salankhula,
ntchito yake ndi kungokhalapo basi.
Ndinamuzindikira msanga ameneyo,
mlonda mnzanga.

Chizungu n'choumira ngati abwana anga:
liwu limodzi, ntchito zitatu, malipiro omwewo.
Watch ndi yakufa ili pamkono pangayi,
watch ndi zomwe ana amachita m'nyumba ya vidiyo ku Chibavi,
watch ndi ine, mpaka tambala.
Bank ndi kumene ndilibe kanthu,
bank ndi m'mphepete mwa Lunyangwa
momwe NyaMzumara amadzala mpiru wotidyetsa.
Ndiuzeni, bank weniweni ndi uti pamenepa?

Dikishonale anandisiyira Vinjeru
tsiku lomwe anakwera basi ya ku Joni.
Anati, "Muzicheza nayo, ndibwera Khirisimasi."
Makhirisimasi adutsa anayi.
Makoswe a ku Mchengautuwa ndi ophunzira,
anayambira kumapeto:
Z anatha, Y anatha, X yense,
W anamudya mpaka m'chiuno.
Choncho Chizungu changa chimathera panjira
ngati msewu womwe ndalama zake zinadyedwa.

Lero ndakakamira pa chotsika chachisanu n'chinayi:
kulakalaka munthu amene ali kutali.
Zilembo zisanu.
Choyamba ndachipeza kale, ndi Y,
mchira wa money amene wagona chopingasa.
Ndatsegula buku.
Pomwe panali Y pali ulusi
ndi zipsera za mano.

Ndayesa miss, waperewera mwendo.
Ndayesa longing, wasefukira m'bokosi lakuda.
Ndazungulira shopu kawiri, kugwedeza maloko,
kuunika kuseri kwa matumba,
ndabwerera, mabokosi adakayasamula.

Mayankho atuluka sabata yamawa, akutero pansipa,
patsamba lomwe lidzakulunga usipa wa munthu wina
ku Vigwagwa,
iye n'kukolezera mbaula osawerenga n'komwe.

Foni ili chete m'thumba kuyambira Julaye.
Uthenga wotsiriza ndi wa mawu atatu:
"Ndili bho adada."
Ndauwerenga chopingasa, ndauwerenga chotsika,
sukumana ndi liwu lina lililonse.

Folo koloko. Kabaza woyamba waliza belu m'chifunga.
Zala zauma, tochi yayamba kuwodzera.
Liwuli ndikulidziwa ine.
Limandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti
lomwe lanyowa n'kuuma,
kungoti silinabwere pa sitima ya Azungu.

Ndanyowetsa chala ndi mate,
ndafufuta Y, pepala labooka pang'ono.
Ndalemba pang'onopang'ono, bokosi ndi bokosi:
P, U, K, W, A.
Zakwana ndendende.

Money wathyoka mchira,
mawu ena awiri opingasa asanduka chibwibwi.
Zilibe kanthu, wondichonga palibe.

Kwacha. Abwana afika, awerenga malata, akwana.
Tsamba lija ndalipinda kanayi,
likununkhirabe mafuta ndi tsabola,
ndalilowetsa kumapeto kwa dikishonale,
paja makoswe anasiya malo.