Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Agogo anga a Yotamu Chavula anafa kasanu ndi kanayi
isanawapeze imfa yeniyeni ku Chiputula.
Anagwera m'mathithi, analasidwa ndi mkondo wa katoni,
kawiri anadyedwa ndi mkango wopanda mano
womwe iwo omwe ankaumwetsa mkaka m'mawa.
Imfa iliyonse inali mashereni awiri ndi chitini cha tiyi.

Anapita ku Joni wapansi, mtima uli ku mgodi,
koma mzungu wa chipewa chopindika anawakoka pamzere
nati nkhope iyi ili ndi ntchito ina.
Zithunzi zinali zitangophunzira kulankhula
ngati mwana wochedwa kutsegula pakamwa,
ndipo akatswiri a nkhope zosalala ankachotsedwa ntchito
poti mawu awo anali a nkhuku yonyowa.
Agogo mawu anali nawo,
besi ya kwaya ya ku Ekwendeni.

Sanakhalepo mwini nkhani.
Anali khukhi wogwetsa mbale,
mtengatenga woponya katundu n'kuthawira kuthengo,
mlonda wogona akuba akudutsa.
Mayina akamakwera kumapeto kwa kanema
lawo linkatsala panja, ngati nsapato za mlendo.

Anabwerera Mzuzu ikadali matope ndi nyumba zowerengeka,
ali ndi sutikesi, jekete la mabatani agolide abodza
ndi chifuwa chosamva mankhwala.
Analowa ulonda weniweni pa sitolo ya mmwenye,
zaka khumi ndi zisanu, osagona ndi tsiku limodzi lomwe.
Akati ndinali mu kanema ine,
anzawo a pa bawo ankaseka mpaka kumwaza nkhomo.
A Bayisikopo, tafesani, nthawi ikutha.
Nanenso ndinkaseka. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Dzulo chifunga chitatsika ku Kaning'ina,
kuzizira kwa Juni kukuluma zala,
mdzukulu wanga Temwanani wabwera ndi foni:
agogo, taonani ichi.
Chithunzi chotuwa, chonjenjemera,
chodzaza timadontho ngati mawawa pa galasi la minibasi.
Amuna asanu avala zikopa zomwe kwathu sitinavalepo.
Wachitatu kuchokera kumanzere,
makutu aja, makutu angawa.

Maso ali psu, mkondo m'mwamba, akukalipa.
Tizilembo tam'munsi tikuti akutemberera alendo.
Ankatiuza kuti mzungu ankangoti
kalipa m'chilankhulo chako, chilichonse, bola ukwiye.
Temwanani wakweza mawu, ndatchera khutu langa labwino,
ndipo m'kati mwa mkokomowo mwatuluka Chitumbuka choyera:
Amama, nili makora.
Akupitiriza, thovu lili kukamwa:
ng'ombe ya mawanga ija musagulitse,
bulangete ndatumiza ndi mwana wa a Zgambo,
muuzeni NyaLuhanga asakwatiwe,
ndikubwera mvula ikatha.

Anthu a kutsidya kwa nyanja ankanjenjemera m'mipando
pomva munthu akulonjera mayi ake.
Kalata yopanda sitampa,
yayenda zaka makumi asanu ndi anayi
kudzafikira pa khonde langa,
onse oyenera kuimva ali ku manda.
NyaLuhanga sindimudziwa.
Agogo anga aakazi anali NyaMsiska.
Mvula ija iyenera kuti inachedwa kutha.

Kenako mfuti, phuu!
Akugwira pachifuwa, akuzungulira kamodzi,
akugwa mosamala, ngati munthu wodziwa
kuti mawa akufunikanso pa ntchito.

Bweza, ndamuuza mwanayo.
Chala chake chakhudza galasi, agogo adzuka,
atola mkondo, ayambanso kulonjera.
Tawadzutsa kasanu ndi kawiri
mpaka bando yatha, chithunzi chaima
pakamwa pali yasa,
mawu otsatira ali m'njira.

Kunja a kabaza akuimba mabelu kulowera ku Katoto.
Ndakhala ndi foni yozima m'manja
ndikuyesa kukumbukira ngati pa bawo paja
ndinaseka mokweza kuposa ena.