Chala Chopanda Mizere

Kalaliki anagwira chala changa chachikulu
ngati wogula nkhuku akuyesa chidale,
anachiviika mu inki, n'kuchikanikiza papepala.
Panatuluka banga chabe, losalala ngati nyemba yogona m'madzi.
"Mayi, mizere yanu ili kuti?"
Ndinati, kaifunseni ku esiteti.
Zaka khumi ndi zinayi za masamba awiri ndi kansonga
zinaidya yonse.
Inagwera m'dengu, inakwera pasikelo,
anthu anaimwa kale ndi mkaka kumayiko kwawoko.

A Mukhwapa a pa Limbuli sankafuna inki.
Ankangoti, "Siyani khadi la kubanki,
tionana mwezi ukatha."
Ndinatenga zikwi makumi awiri za bokosi la mlongo wanga,
ndinabweza makumi anayi,
ngongole ili chiimire ngati Sapitwa m'mawa wopanda mitambo.
Katapila sakhuta. Anatapa mbuzi, anatapa wailesi,
malata atatu a kuchipinda cha ana
anatsika okha padenga n'kulondola njira ya kwawo.

Ndiye atabwera mlangizi, Esinta uja wa njinga yamoto yotsokomola,
kudzati boma laika ndalama zobwereketsa alimi,
chiwongoladzanja chochepa, kubweza mukakolola,
tinaseka.
A Nampinga anaseka mpaka kutsamwa ndi chinangwa.
Makutu athu anatha ndi malonjezo ngati zidendene za patapata.

"Nanga chikole?" ndinafunsa.
"Munda ndilibe, tiyi anafika mpaka pakhomo.
Ndili ndi kadambo kokha kuseri kwa nthochi zimene chisaka chinapha."
"Chikole ndi anzanuwa," anatero.
Ndinatembenuka kuona chikole changacho:
amayi khumi, miyendo yotambasula,
mmodzi sitilankhulana chiyambire nkhani ya nkhumba ija.

Ndalama zinachedwa, ndisaname.
Tinalembetsa dzuwa likuswa mtengo,
zinafika mphepo ya chiperoni itayamba kulowa m'mafupa.
Maulendo asanu a kuboma, ya minibasi yochoka m'chitenje changa,
fomu kusowa kawiri.
Koma zinafika.

Tinakumba ndi makasu, ine ndi Gelesomu wanga,
masiku makumi awiri ndi atatu,
dothi lofiira likukakamira ngati wangongole.
Madzi tinapatutsa pa kamtsinje kotsika m'phiri,
ozizira oumitsa mano.
Tiana ta makumba tinabwera mu jumbo,
tating'ono ngati zikhadabo,
ndipo mtima unandigunda:
ngongole yonse ija ndi tomweti?

Usiku katumbu, masana ng'azi ndi kakowa.
Onse akufuna gawo lawo monga a Mukhwapa,
kusiyana kwake awa ndimatha kuwagenda.
M'mawa ndikamwaza gaga
madzi amawira ndi timilomo,
ine n'kumagawa ndi maso:
iyi ya kubanki, iyinso ya kubanki,
iyi ya fizi,
yonenepa ikubisala mu ndereyo ndi yanga.

Lachisanu tinakoka ukonde.
Wa nkhumba uja ndiye anagwira mbali inayo,
sitinalankhule, tinangokoka.
Amayi a pamsika wa Chitakale analimbirana beseni
mpaka wina kuduka lamba wa nsapato.

Sindinalemere ayi.
Pamene panachoka malata pakudonthabe.
Ndipo phiri likadzasanzanso madzi ngati chaka chija,
dziwe n'kupita ndi nsomba zake ku Ruo,
adzabweze ndani?
Funso limeneli pafomu palibe.
Ndinamufunsa Esinta, anangolemba m'kope.

Koma dzulo ndakapereka gawo loyamba.
Kalaliki yemwe uja, inki yomwe ija.
Mizere sinabwerere.
Anayang'ana bangalo, ananunkhiza pepala, n'kuseka:
"Mayi Nakhumwa, chanuchi sindingachisokoneze,
fayilo yonse ikununkha nsomba."

Potuluka ndinaona a Mukhwapa pansi pa mkuyu,
kabuku kawo kakuda kali pabondo.
Anandivulira chipewa.
"Mwasowatu masiku ano."
Ndinati, pepani, ndimakhala kumadzi.